Zimene ndinaphunzira pa phokoso la ndege ndi malonjezo a andale ku Hounslow

Ndinakulira ku Lunzu, ndipo tili ana, ndege ikamatsika kulowera ku Chileka tinkasiya masewera n'kuthamangira pamtetete kukaibayibitsa, chifukwa ndege zodutsa pa tsiku unkatha kuziwerenga ndi zala. Sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzagona pansi pa njira imene ndege imadutsa mphindi imodzi ndi theka iliyonse. Ndalemba nkhaniyi poganizira abale amene akubwera ku London kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ambiri mwa iwo n'kumapeza malo ogona kumadzulo kwa mzindawu kumene lendi ili yotsikirapo, kufupi ndi bwalo la ndege la Heathrow.

Mu 2014 ndinapeza chipinda ku Hounslow. Ndinapita kukachiona Loweruka cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo ndinayang'ana zonse zimene munthu amayang'ana: madzi, chotenthetsera nyumba, nkhungu m'makoma, mtunda wopita pa siteshoni ya sitima ya Piccadilly. Ndege zinkamveka ndithu, koma chapatali, ngati bingu la mvula imene ikugwa kumudzi wina. Ndinalipira dipoziti tsiku lomwelo. Mwini nyumba sanandiuze chilichonse chokhudza phokoso, koma kunena chilungamo inenso sindinafunse, ndipo paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba cha ku Richmond, kulowa 8 koloko usiku n'kuweruka 8 koloko m'mawa. Tulo tanga tonse tinali ta masana, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko. Sabata yoyamba ndinagona bwinobwino. Sabata yachiwiri ndinangoti mutu papilo, ndege inadutsa pamwamba pa denga, mawindo n'kunjenjemera, ndipo isanazimiririke inzake inali itayamba kale kumveka. Zinapitirira choncho mpaka 3 koloko masana, pamene kunangoti zii ngati wina wazimitsa wailesi, ndiye nthawi imene ine ndinayenera kudzuka. Sabata yachitatu ndinagonanso bwino, yachinayi ayi. Kwa miyezi itatu sindinkamvetsa chimene chinkachitika, moti ndinayamba kudzikayikira kuti mwina vuto lili m'mutu mwanga. Ndinkadwala mutu, ndinkakwiya msanga, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kusokoneza mankhwala a agogo awiri amene mayina awo anali ofanana. Tsiku limenelo ndinachita mantha, chifukwa cholakwa chotere chimatha kupha munthu komanso kuthetsa ntchito.

Mayi anga ndikamawaimbira foni ankadabwa kuti ndikungoima pakati pa mawu. Tsiku lina anafunsa kuti, "Kodi mwanawe, akupatsa nyumba pabwalo la ndege penipeni?" Ndinaseka, koma misozi inali pafupi.

Poyamba ndinaimbira foni ku khonsolo, poganiza kuti ofesi imene imalanga munthu woliza nyimbo usiku ingathenso kuchitapo kanthu pa ndege. Bambo amene anandiyankha anandifotokozera mwaulemu kuti lamulo la 1990 limene limapatsa makhonsolo mphamvu pa phokoso losowetsa mtendere silikhudza ndege, ndiponso kuti lamulo la zandege la 1982 limateteza ndege zimene zikuuluka motsatira malamulo, moti munthu sungazisumire chifukwa cha phokoso lokha. Malamulo a phokoso pa Heathrow, Gatwick ndi Stansted amaikidwa ndi boma lalikulu kudzera ku unduna wa zamtengatenga. Anandilangiza kuti ndikaonane ndi khansala wa dera langa, ndipo ndinaika foni pansi ndikuganiza kuti wangondikankhira kwina.

Kwathu khansala ndinkamuona pa maliro ndi pa nthawi ya kampeni basi, choncho sindinayembekezere zambiri. Kuno makhansala ambiri amakhala ndi tsiku limene amakhala pamalo odziwika, monga mulaibulale kapena muholo ya tchalitchi, ndipo aliyense wokhala m'deralo amangolowa n'kufotokoza vuto lake popanda kulipira. Ndinapeza mayi wachikulire atakhala patebulo laling'ono ndi kope ndi botolo la tiyi. Dzina lawo sinditchula, popeza panopa anapuma ndipo sanali munthu wofuna kutchuka. Anali atakhala khansala zaka zambiri, ndipo pafupifupi zaka zonsezo anali m'makomiti okambirana za phokoso la ndege. Nditayamba kufotokoza za sabata yabwino ndi sabata yoipa, anandidula mokoma mtima n'kufunsa kuti nyumbayo ndinakaiona nthawi yanji. Nditati 4 koloko madzulo, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani imeneyi kambirimbiri.

Zimene anandijambulira papepala tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kuti aliyense wofuna nyumba kuno azidziwe. Heathrow ili ndi misewu iwiri ya ndege, wakumpoto ndi wakumwera, ndipo yonse inayala kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo, ndipo popeza mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kumadzulo, masiku pafupifupi asanu ndi awiri pa khumi alionse ndege zimatera zikuchokera kummawa, kudutsa pamwamba pa London, Richmond, Isleworth ndi Hounslow. Masiku amenewo msewu umodzi umakhala wotererapo, winawo wonyamukirapo, ndipo ikakwana 3 koloko masana amasinthanitsa, kuti anthu okhala pansi pa njira imodzi apume theka la tsiku. Sabata yotsatira dongosolo limatembenuka: amene anapuma m'mawa amapuma madzulo. Ine ndinakaona chipinda pa theka langa lopuma. Mphepo ikachokera kummawa zonse zimasintha, ndege zimatera kuchokera mbali ya Windsor n'kumanyamuka kulowera kwathu, ndipo phokoso la ndege yonyamuka ndi lina, lolemera kwambiri. Za usiku anandiuza kuti pakati pa 11:30 usiku ndi 6 koloko m'mawa boma limalola ndege 5,800 pachaka, zimene ndi pafupifupi 16 usiku uliwonse, ndipo zambiri mwa izo ndi zochokera kutali zimene zimayamba kutera cha m'ma 4:30 m'bandakucha.

Sanandilonjeze kuti athetsa phokoso. Anandiuza mosabisa kuti alibe mphamvu imeneyo, ndipo khansala aliyense amene angandiuze kuti ali nayo ndi wabodza. Anandisonyeza kuti bwalo la ndege limasindikiza ndondomeko ya kasinthasintha wa misewu ya chaka chonse pa intaneti, ndiponso kuti pali tsamba lotchedwa WebTrak pamene munthu umatha kuona ndege imene yadutsa pa nyumba yako, nthawi yake ndi kutalika kwake. Anandilembera kalata yaifupi yopita kwa bwana wanga yofotokoza dongosololi. Ndi ndondomeko ija m'manja, ndinapempha kuti mashifiti anga ambiri a usiku azigwera sabata imene m'mawa mumakhala bata, ndipo bwanayo anavomera chifukwa mnzanga wina wokhala ku Kingston analibe nazo kanthu. Ndinasinthananso chipinda ndi mnyamata wina wa m'nyumba momwemo, ine n'kupita chapansi chakumbuyo, ndipo ndinagula zotseka m'makutu za sera ku famase. Phokoso silinathe, koma ndinayambanso kugona.

Tsiku lija ndikutuluka, mayi khansala aja anandifunsa ngati ndinalembetsa m'kaundula wa ovota. Ndinayankha kuti ndine mlendo, pasipoti yanga ndi ya Malawi. Anandiuza chinthu chimene abale ambiri sachidziwa mpaka lero, chakuti nzika ya dziko la Commonwealth, monga Malawi kapena Zambia, imene ili ndi chilolezo chokhala ku Britain imaloledwa kuvota pa zisankho za makhansala ngakhalenso za aphungu. Ndinalembetsa sabata yomweyo, ndipo kuchokera pamenepo ndinayamba kutsatira nkhani ya msewu wachitatu wa ndege ngati nkhani yanga.

Nkhaniyo inayamba ine ndisanabwere. Mu Januwale 2009 boma la Gordon Brown linavomereza kuti Heathrow imange msewu wachitatu, ndipo tsiku limene nduna Geoff Hoon inalengeza zimenezi m'Nyumba ya Malamulo, phungu wa Hayes and Harlington, John McDonnell, amene anali wa chipani cholamula chomwecho cha Labour, ananyamuka pampando wake n'kukanyamula ndodo yaulemu ya Nyumbayo pokwiya kuti aphungu sanapatsidwe mwayi wovota. Anamuimitsa masiku asanu. Midzi ya Sipson ndi Harmondsworth, imene nyumba zake zinali pangozi yogumulidwa, ili m'dera lake. David Cameron, ali kotsutsa, analonjeza kuti msewuwo sudzamangidwa, ndipo atalowa m'boma mu 2010 anaimitsadi ntchitoyo, koma patangopita zaka ziwiri boma lake linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Howard Davies, imene mu Julayi 2015 inalimbikitsa kuti msewu wachitatu umangidwe kumpoto chakumadzulo kwa bwalolo.

Wandale amene ndinamuonera pafupi anali Zac Goldsmith, phungu wa Richmond Park, dera limene ndinkagwirako ntchito. Anali wa chipani cha Conservative, analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2010, ndipo analonjeza anthu ake kuti boma la chipani chake likadzavomereza msewu wachitatu, iye adzatula pansi udindo n'kubwerera kwa ovota. Agogo ena amene ndinkawasamalira, amene anakhala zaka zoposa makumi anayi pansi pa njira ya ndege, ankasunga kapepala ka lonjezo limenelo m'kabati ya pambali pa bedi, ndipo ankandiuza kuti akufuna kuona ngati mnyamatayo adzachitedi.

Goldsmith ankamenyeranso nkhondo ina imene kwa ine Mmalawi inali yodziwika bwino, yofuna kuti ovota akhale ndi mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Kwathu Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko linkapereka mphamvu imeneyi, koma aphungu analichotsa mu 1995, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mafumu, mipingo ndi mabungwe akhala akupempha kuti libwerere. Ku Britain nkhaniyi inakula pambuyo pa manyazi a 2009, pamene zinaululika kuti aphungu ambiri ankadzibwezera ndalama za boma pa zinthu zosayenera. Goldsmith ankafuna kuti anthu okha aziyambitsa ndondomeko yochotsa phungu pa chifukwa chilichonse chimene iwo aona kuti n'chokwanira, koma mu Okutobala 2014 aphungu anzake anakana maganizo akewo. Lamulo limene linadutsa mu 2015 ndi lofewa: phungu amayamba wapezeka wolakwa kukhoti n'kugamulidwa kukakhala kundende, kapena waimitsidwa m'Nyumba kwa masiku khumi a zokambirana, kapena wapezeka wolakwa pa chinyengo cha ndalama zodzibwezera, ndipo pokhapo m'pamene ovota amapatsidwa masabata asanu ndi limodzi kuti asayine. Akasayina ovota 10 pa 100 alionse, mpando umakhala wopanda munthu. Kuphwanya lonjezo la kampeni sikuli pa mndandandawo. Ndinaona kuti aphungu, kaya ku Lilongwe kaya ku Westminster, safuna kusula okha mpeni wodzawachekera.

Pa 25 Okutobala 2016 boma la Theresa May linavomereza msewu wachitatu, ndipo tsiku lomwelo Goldsmith anatula pansi udindo. Agogo aja anandituma kuti nditulutse kapepala kaja m'kabati, n'kukayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Goldsmith anaima pa chisankho chachibwereza ngati woima payekha, chipani chake sichinaimike munthu wopikisana naye, ndipo popeza chaka chapitacho anapambana ndi mavoti oposa 23,000 pamwamba pa wotsatira wake, ambiri tinkaganiza kuti adutsa mosavuta. Koma chisankho cha pa 1 Disembala chinasanduka cha nkhani ina. Miyezi ingapo m'mbuyomo dziko linali litavota zotuluka mu European Union, anthu ambiri a ku Richmond sanafune kutuluka, pamene Goldsmith anali kumbali yotuluka. Sarah Olney wa chipani cha Liberal Democrats, amenenso ankatsutsa msewu wachitatu, anamugonjetsa ndi mavoti osakwana 2,000. Munthu anasiya mpando chifukwa cha ndege, anthu n'kumuweruza pa za Europe.

Sindikufuna kumujambula ngati woyera. Ndi mwana wa mponda matiki James Goldsmith, ndipo kusiya ntchito kwa munthu wotero sikufanana ndi kusiya ntchito kwa ine kapena inu. Kampeni yake yofuna umeya wa London chaka chomwecho, pamene anagonja kwa Sadiq Khan, inadzudzulidwa ngakhale ndi ena a chipani chake kuti inali yogawanitsa anthu, ndipo ife obwera tinaimva kuwawa kwake. Anabwereranso ku chipani chake n'kupambana mpando uja mu 2017 ndi mavoti 45 okha, n'kuutayanso mu 2019, kenaka anapatsidwa mpando m'Nyumba ya Lords, kumene munthu savoteredwa ndipo ovota sangamuchotse. Kwa munthu amene ankalalikira kuti mphamvu zikhale kwa ovota, zimenezi zinandikhumudwitsa. Komabe pa lonjezo limodzi lija anachita zimene ananena, ndipo ndimamuyerekeza ndi Boris Johnson, amene mu 2015 atasankhidwa kukhala phungu wa Uxbridge ananena kuti adzagona pansi kutsogolo kwa mathirakitala ogumula kuti msewuwo usamangidwe, koma pa 25 Juni 2018, tsiku limene aphungu anavomereza msewuwo ndi mavoti 415 kwa 119, iye monga nduna ya zakunja anali pa ulendo ku Afghanistan ndipo sanavote.

Pambuyo pake nkhondo inasamukira kukhoti. Makhonsolo a Hillingdon, Richmond, Wandsworth, Hammersmith and Fulham, ndi Windsor and Maidenhead, pamodzi ndi meya wa London ndi mabungwe oteteza chilengedwe, anasumira boma. Mu Febuluwale 2020 khoti la apilo linagamula kuti ndondomeko ya boma inali yosatsata malamulo chifukwa sinaganizire pangano la ku Paris la kusintha kwa nyengo, koma mu Disembala chaka chomwecho khoti lalikulu kwambiri m'dzikoli linatembenuza chigamulocho. Pakati pa zigamulo ziwirizo panagwa mliri wa Covid-19, ndege zinachepa kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mbalame zikulira kuseri kwa nyumba yathu, ngakhale kuti kuntchito inali nyengo ya maliro moti bata limenelo sindinalikondwerere. Mu Januwale 2025 nduna ya zachuma Rachel Reeves inalengeza kuti boma la Labour likufuna msewu wachitatu umangidwe. Zipani zonse ziwiri zazikulu zauvomerezapo, ndipo m'zipani zonse ziwiri muli aphungu amene amautsutsa.

M'dera lathu lenilenilo anthu sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo ndibwino wobwera kumene adziwe zimenezi asanatsegule pakamwa. Anthu oposa 70,000 amagwira ntchito pa Heathrow, ndipo ambiri mwa anansi anga ndi otsuka ndege, onyamula katundu, ophika chakudya cha m'ndege ndi alonda. Mnyamata amene ndinasinthana naye chipinda uja ankati ndege iliyonse yodutsa ndi lendi yake. Inenso ndikamapita kwathu ndimakwera ndege pomwepo, ndipo ndimadziwa kuti pobwerera m'bandakucha ndimadzutsa munthu wina. Mayi khansala aja sankanyoza anthu otere. Ankati nkhondo yawo ndi yoteteza zinthu zitatu zimene anthu a m'derali anazipeza movutikira: malire a ndege 480,000 pachaka amene anaikidwa mu 2001 povomereza kumanga Terminal 5, malire a ndege za usiku, ndi kusinthana kwa misewu kwa 3 koloko kuja, kumene makampani ena akhala akufuna kuti kuthe kuti ndege zichuluke, koma boma linakana mu 2009. Theka la tsiku limene ine ndimagona linatetezedwa ndi anthu ngati iwo, amene anakhala m'misonkhano yotopetsa zaka zambiri, kuwerenga zikalata zokhuthala ndi kulemba makalata amene nyuzipepala sizinawatchulepo.

Mayi khansala aja anandiphunzitsanso kadandaulidwe. Dandaulo lakuti "ndege zikusokosa" silipita patali, koma lonena tsiku, nthawi, ndi kuti ndegeyo inatera pa msewu umene sunali pa ndondomeko, kapena inanyamuka mochedwa usiku, limalembedwa m'kaundula ndipo ziwerengero zake zimafika m'makomiti amene makhansala amakhalamo. Boma kapena bwalo la ndege likatsegula nthawi yomva maganizo a anthu, yankhani, ngakhale ndi ndime imodzi ya Chingerezi chosweka, ndipo nenani kuti mumagwira ntchito usiku, chifukwa malamulo ambiri a phokoso amalembedwa poganizira anthu ogona usiku, ife ogona masana n'kuiwalika. Funsaninso ngati nyumba yanu ili m'dera limene bwalo la ndege limathandiza kuika mawindo otchinga phokoso. Yathu inali kunja kwa malire, koma mnzanga wina wa ku Cranford anathandizidwa mwini nyumba atavomera kusayina. Ndipo mukapita kukavota ku England masiku ano, tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi, chifukwa kuyambira 2023 amachifuna.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina wa ku Kasungu kudzagwira ntchito limodzi nafe, ndipo anapeza chipinda chotchipa pafupi ndi Hounslow West. Anandiuza mosangalala kuti wakachiona m'mawa ndipo kuli phee. Ndinatsegula ndondomeko pa foni n'kumuuza kuti, "Achemwali, dipoziti isunge kaye, tipitenso limodzi mawa." Tinafika 2:45 masana n'kuima panja pa geti ngati anthu odikira basi. Itangodutsa 3 koloko, ndege yoyamba inatulukira pamwamba pa madenga, matayala ali kale panja, yotsika moti tinkatha kuwerenga dzina la kampani pamimba pake, ndipo kumbuyo kwake kunkaoneka magetsi a zina zitatu zitandandalika mumlengalenga. Mtsikanayo anaima mpaka yachinayi itadutsa, kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa wina amene ali ndi chipinda ku Southall.